Phewa Langa ndi Mphira Yachikasu

Ku nyumba za asilikali,
Lamlungu, 9 Juni.

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi. Kuno tilipo. Mpongozi wanu ali bwino, mdzukulu wanu akukula ndipo pakamwa pakukulanso, ine ndiye ndikuyenda ndithu, miyendo ilibe vuto lililonse.

Mudabwa kuti ndikulemberanji kalata pamene foni ilipo. Ndayesa kawiri kukuimbirani sabata ino. Koma mukangoyankha kuti, "Lankhula, Kopolo," msana wanga umawongoka wokha, ndipo zonse zimene ndinakonza kunena zimathawa. Ndimangopezeka ndikukufunsani za mvula. Ndiye ndaona kuti bola pepala, poti silikuwa.

Amayi andiuza kuti mwagula kale felemu ya chithunzi, ndipo mwakhoma msomali pabalaza, pambali pa chithunzi chanu chija muli ndi mamendulo pachifuwa. Akuti anzanu onse a pa benchi ya kwa ometa tsitsi akudziwa kuti mwana wanu ali pa mndandanda wa opita kunja kukasungitsa mtendere mu Ogasiti. Nkhani yanga ikukhudza msomali umenewo. Koma ndiloleni ndiyambire poyambira, chifukwa ndikayambira kumapeto mung'amba pepalali musanafike pakati.

Mwezi wa Malichi tinkatsitsa mabokosi a zipolopolo mu lole. Mnzanga wina amene timamutcha Wayilesi, chifukwa pakamwa pake sipazima, anali pamwamba kunditsitsira, ine ndili pansi kulandira. Bokosi lina analisiya ndisanaligwire bwino, poti anali pakati pa nkhani ina yake, ndipo ndinaliwakha ndi mkono wamanja wokha. Ndinamva kanthu kakung'ambika m'phewa ngati nsalu yakale. Ndinachita zimene inu mukanachita. Ndinaika bokosilo pamalo pake n'kuitanitsa lina.

Masabata atatu ndinabisa. Ndinkapaka mankhwala otentha aja, kumwa mapilisi, basi tsiku ladutsa. Anandigwira ndi asajeni athu m'mawa wina pa chitsulo chodzikwezera. Anzanga akukwera ndi kutsika, ine ndinangolendewera ngati malaya onyowa pa chingwe. Asajeni sanafunse zambiri, anangoloza njira ya kuchipatala.

Kumeneko anandijambula phewa ndi makina, n'kunditumiza kwa dokotala wa mafupa, a Meja ena a imvi m'mbali. Anandionetsa chithunzicho pa kompyuta. Iwo ankaona zinthu, ine ndinkangoona mitambo.

"Mtsempha uwu, umene umakweza mkono, wang'ambika," anatero a Meja. "Koma sunaduke."

"Ndiye musoke, bwana," ndinayankha. "Ngakhale mawa, ine ndine wokonzeka."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Kopolo, phewa si thalauza. Ndikakung'amba mawa, mkono ukhala m'nsalu mwezi ndi theka, ndipo mfuti udzainyamulanso pakatha miyezi sikisi, mwinanso kuposa. Ambiri a vuto ngati lakoli amachira opanda mpeni. Tiyambe ndi mafizo, masabata thwelofu. Zikakanika, za mpenizo tidzakambirana."

Ndinatuluka mutu ukuzungulira. Munthu ntchito yake ndi mpeni, koma akukana mpeni. Ndinawerenga masabata aja pa zala ndipo ndinapeza kuti akutha kumapeto kwa Juni, pamene mayeso omaliza a mphamvu kwa opita kunja ali mu Julayi. Panali kampata, koma kochepa zedi.

Nditamuuza Wayilesi, anandiseka. "Akukupusitsa amenewo, aise. Mafizo ndi a azigogo. Msuweni wanga anamung'amba phewa, pano akunyamula injini yekha." M'mawa mwake Wayilesi yemweyo anandikokera pambali. "Usadzalole mpeni, aise. Akakung'amba amakutumiza ku bodi ya madokotala, basi yunifolomu wavula. Msuweni wanga pano ngakhale kapu sanyamula." Ndinamufunsa ngati ali msuweni yemwe uja, iye anati ndisamudule pakamwa. Mungaseke, Bambo, koma mawu onse awiriwo anandilowa, ndipo ndinkayenda nawo.

Chipinda cha mafizo chili kuseri kwa chipatala, moyang'anana ndi kochapira zovala. Muli mabedi awiri, galasi lodzadza khoma lonse, mipira ikuluikulu imene palibe amene amaimenya, ndi mphira zazitali zopachikidwa pa misomali malinga ndi mitundu yake. Yachikasu ndi yofewa kwambiri, kenako yofiira, kenako yobiriwira, yakuda ndiyo yolimba kuposa zonse. Mwini chipindacho ndi mayi wamfupi, Kaputeni, nyenyezi zitatu paphewa. Asilikali amawatcha Mayi Mphira, koma amatero iwo kulibe. Chimene chinayamba kundisokoneza ndi chakuti ankandilankhula ndi "inu". Zaka khumi ndi ziwiri ndili mu yunifolomu, sindinamvepo Kaputeni akunena kuti "khalani apa" kwa kopolo.

Mankhwala ake ndi awa, Bambo, ndipo musaseke. Ndiwerame, dzanja lamanzere ndigwire tebulo, mkono wodwalawo ulendewere, ndiziuzunguliza pang'onopang'ono ngati ndikutakasa penti m'ndowa. Ndiime moyang'ana khoma, zala ziziyenda kukwera khomalo mpaka pamene ululu wayambira. Ndipanire kathawulo m'khwapa, chigongono chisachoke m'nthiti, ndizikokera kunja mphira yachikasu. Chilichonse kakhumi, katatu pa tsiku, kenako ndiike madzi oundana paphewa. Kunyamula chinthu kupitirira mutu ayi, kudzikankha pansi ayi. Anandilemberanso chikalata cha ntchito zopepuka, moti anandiika mu ofesi kuyankha foni. Ine, mwana wa Sajeni Meja, kumenyana ndi kamphira koti mdzukulu wanu amakakoka ndi dzanja limodzi.

Tsiku loyamba lomwelo a Kaputeni anandifotokozera za manambala. "Nthawi zonse ndizikufunsani kuti ululu uli pati, kuyambira ziro mpaka teni. Ziro ndiye kuti simukumva kanthu. Teni ndi ululu woti mungaitane amayi anu. Pochita mafizo ukapitirira folo, siyani. Ine ndimayendera nambala imene mwandipatsa. Lero uli pati?"

Bambo, mukukumbukira tsiku limene ndinagwa pa njinga yanu ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, bondo litatseguka? Munandiimika njo pakhonde n'kundifunsa kuti, "Pali dandaulo?" Ine misozi ili m'maso ndinati, "Palibe, bwana." Munandisisita m'mutu, ndipo tsiku limenelo ndinadzimva kuti ndine mwana wanu. Ku maphunziro a usilikali anapitiriza pamene inu munasiyira. Ofisala akafunsa ngati pali dandaulo, yankho ndi limodzi, ngakhale nsapato itadzadza magazi. Ndiye tangoganizani Kaputeni akundifunsa ngati ndikumva ululu. Unali pa faifi kapena sikisi.

"Thuu, bwana," ndinatero.

Iwo analemba thuu.

Kunyumba ndinakhala pansi n'kuwerengera. Ngati kukoka kakhumi kumachiritsa pa masabata khumi ndi awiri, ndiye kuti kukoka ka fifite kuchiritsa masabata atatu asanathe. Masamu amenewa ndinawaona kuti ndi omveka, ndipo mpaka lero mbali ina ya mutu wanga ikuwaonabe choncho. Ndinaganiza kuti kakhumi kaja analembera anthu wamba, a m'maofesi, osati ife. Komanso kuno tinazolowera kuti chikapweteka ndiye kuti chikulowa. Ndiye ndinapita kwa amakaniko a magalimoto athu n'kupempha chubu chakutha cha tayala la lole. Ndinadulako lamba wamkulu ngati chikhatho changa n'kumumanga pa zitsulo za pazenera la kuchipinda. Mphira yachikasu ndinaiponya m'dirowa. Ndinkakoka chubucho ka fifite, kasanu pa tsiku, thukuta lili kamukamu, mano nditaluma. Ululu ukakwera ndinkasangalala kuti zikuyenda.

Lachitatu lililonse ndinkapita kwa a Kaputeni. Ndimagogoda, kulowa, kuima pakhomo, kumenya sawatcha monga munandiphunzitsira, mkono ukwere njira yaitali ya m'mbali, chigongono chilingane ndi phewa, zala pa chipumi, kenako utsike njira yachidule. Iwo amafunsa nambala, ine ndimati thuu. Sabata lachitatu anandipatsa mphira yofiira, poti mwa manambala anga ndinkachira bwino. Ndinatuluka nayo ngati ndakwezedwa udindo, n'kukaiika m'dirowa momwe muja, pambali pa inzake.

Koma pambuyo pake anayamba mafunso ena. "Mukugona bwanji, Kopolo?"

"Bwino, bwana."

"Mbali yakumanja mukugonera?"

"Mbali zonse, bwana."

Zoona zake n'zakuti ndinali nditasiya kalekale kugonera kumanja. Kupesa ndinkapesa ndi lamanzere. Malaya a yunifolomu ndinkalephera kuvala ndekha, moti m'mawa uliwonse mpongozi wanu ankaima kumbuyo kwanga atawagwira m'munsi, ine n'kulowetsa mkono wamanja kaye mosaukweza. Ankandiuza kuti tsiku lina chubu chija adzachiotcha. Ine ndinkamuyankha kuti za usilikali sangazimvetse. A Kaputeni yobiriwira sanandipatse. Ndinkadabwa kuti akundimana chifukwa chiyani pamene ndikuwapatsa thuu wawo sabata ndi sabata.

Apa ndipamene pali povuta kulemba. Mdzukulu wanu ali ndi kasewero kake kamene amakatcha ndege. Amathamanga kuchokera kumpanda, kudumphira m'manja mwanga, ine n'kumukweza pamwamba pa mutu. Chivulalireni ndinkamuzemba, kumuuza kuti ndege ilibe mafuta. Loweruka la pa 1 Juni masana ndinali chiimire pakhonde, maganizo ali kwina, ndipo ndinangomva kuti, "Adadi, ndege!" Anali atadumpha kale. Ndinamuwakha n'kuyamba kumukweza monga mwa masiku onse. Atafika pamaso panga, mkono wamanja unangofa. Sikuti unapweteka kokha ayi, unangochoka, ngati si wanga. Mwana anapendekera kumanja n'kutsetsereka. Ndinamutchinga ndi bondo, komabe anamenyetsa mlomo pa sitepe.

Sanavulale kwambiri, musadandaule. Mlomo unatupa masiku awiri, mano onse alipo. Koma magazi ndinawaona, ndipo mmene anandiyang'anira ali m'manja mwa amayi ake sindidzaiwala. Mpongozi wanu mumamudziwa kuti salankhula mokweza. Anamutonthoza mwana, kumupukuta, kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo ake mwana, ine za usilikali sindizimvetsa, mwanena kale. Koma tandiuzeni. Mukufuna kupita kukateteza ana a eni ake, wanuyu mwamugwetsa pakhonde panu pomwe. Kumeneko mukawanyamula ndi chiyani?"

Ndinalowa m'nyumba, ndipo mukudziwa chimene ndinachita? Ndinakakoka chubu ka fifite. Ndinkaganiza kuti mkono wafooka chifukwa sindikulimbikira mokwanira. Mutu wanga unali utafika pamenepo.

Lachitatu ndinapita kwa a Kaputeni monga mwa nthawi zonse. Ndinagogoda, kulowa, kumenya sawatcha.

"Imani choncho," anatero. "Musatsitse."

Anadzuka ndi pensulo, kubwera pamene ndinaima, n'kulemba kamzere pa khoma la m'mbali mwa chitseko, molingana ndi chigongono changa. Kenako anati nditembenuke ndione. Pakhomapo panali timizere khumi, kalikonse ndi tsiku lake, tikutsika ngati masitepe. Kapamwamba kanali ka tsiku loyamba. Ka tsiku limenelo kanali pafupi ndi thumba la malaya anga.

"Asilikali mumandithandiza," anatero a Kaputeni. "Mumaima pamalo amodzimodzi, zidendene pa mzere wa simenti uwo, tsiku lililonse. Mukatuluka ine ndimalemba pamene chigongono chinafika. Masiku ano simukwezanso mkono, mukuweramitsa mutu kuti ukumane ndi zala. Pakamwa panu pakuti thuu, chigongono chikunena zina. Ine ndimvere ndani?"

Anabwerera pa mpando wawo, kuvula nyenyezi za m'mapewa onse awiri, kuziika m'dirowa, n'kutseka.

"Eya, Kaputeni watuluka. Mwatsala ndi mayi wa mafizo. Ululu uli pati?"

Bambo, ndinafuna kunena zoona, Mulungu akudziwa. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi chakuti, "Thuu, bwana." Chinangotuluka chokha.

Iwo anapumira m'mwamba. Anati ndiwaonetse zikhatho. Zinali zakuda m'mizere monse, poti chubu chimasiya kuda kwake m'manja ngakhale usambe ndi sopo.

"Mphira zanga sizidetsa manja," anatero. "Mwakhala mukukoka chiyani?"

Pamenepo ndinaulula zonse, za amakaniko, za fifite, za zenera, za mwana. Ndinkayembekezera kuti akuwa, mwina kundilembera mlandu wosamvera lamulo, ndipo zikanandipepukira, chifukwa kukuwiridwa ndimakudziwa. Koma anangogwira pachipumi.

"Mtsempha wong'ambika umalukana pang'onopang'ono," anatero pomaliza. "Kakhumi kaja n'kongouuza kuti dzuka, gwira ntchito pang'ono, kenako upume. Inu mwakhala mukuphwasula masana zimene thupi laluka usiku. Nanenso ndinalakwa kukupatsani yofiira. Ndinakhulupirira pakamwa pa msilikali."

Ndinawafunsa za ulendo. Anati iwo sasankha opita, amangolemba zimene aona ndi zimene wodwala wanena. Anati ndikafuna kukakamira ndingathe kumeza mapilisi m'mawa wa mayeso, kuluma mano, mwina n'kudutsa, ndipo ena amaterodi. Koma kunjako, chikwama kumsana ndi mfuti m'manja, mtsemphawo ukhoza kudukiratu, ndipo ukaduka n'kukhalitsa osasokedwa, ngakhale mpeni subweza zonse. Njira ina ndi yoti ndinene nambala yeniyeni, iwo alembe kuti sindili woyenera ulendo uno, andijambulenso, ndipo ngati pong'ambika paja sipanakule kwambiri, tiyambirenso ndi yachikasu masabata ena khumi ndi awiri.

"Ndiye ndichira, bwana?" ndinafunsa.

"Sindikulonjezani. Mwina muchira opanda mpeni, mwina mudzaufunabe. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lachinayi lililonse muno mumabwera madala opuma ntchito, mamendulo ali mbwee kunyumba, koma jekete amachita kuvekedwa ndi akazi awo. Onsewo anali a thuu. Pitani mukaganize, mubwere Lachisanu."

Mawu a jekete amenewo anandilasa, Bambo. Ndinatuluka osamenya n'komwe sawatcha, ndipo ndinakakhala pa benchi ya kochapira zovala mwina ola lathunthu.

M'maganizo mwanga ndinaona Amayi Lamlungu m'mawa ataima kumbuyo kwanu, jekete lanu lakuda ataligwira m'munsi, inu mukulowetsa mkono wamanja kaye mosaukweza. Ndakula ndikuona zimenezo ndipo ndinkati ndi ulemu chabe wa mkazi kwa mwamuna wake. Ndinakumbukira kuti mumapesa ndi lamanzere pamene mumalemba ndi lamanja. Ndinakumbukira tsiku limene tinabwera ndi mdzukulu wanu koyamba, atakwezera manja kwa inu, inu n'kunena kuti asilikali sanyamula ana. Tonse tinaseka. Ndinakumbukiranso misomali ya m'nyumba mwathu. Yonse ili m'munsi, yolekeza pachifuwa, moti alendo amachita kuwerama kuti aone zithunzi. Tili ana tinkati mumakhomera pansi kuti ifenso tizionako. Sindinauone msomali watsopanowo, koma ndikudziwa pamene uli.

Sindikukuimbani mlandu, chonde musandimve molakwa. Mwina nthawi yanu kunalibe Mayi Mphira, kunali mapilisi awiri ndi kubwerera pa mzere. Ndikungodabwa kuti ndakhala nanu zaka zonsezi osaona, mpaka mkazi wanga anachita kuima kumbuyo kwanga ndi malaya mofanana ndendende, koma osaonabe.

Lachinayi lonse ndinali ngati munthu wosochera. Foni ya mu ofesi ikalira ndinkaiyang'ana osadziwa kuti ikufuna chiyani. M'mawa ndinatsimikiza kuti ndinena zoona. Pofika masana ndinali nditatsimikiza kuti ndimeza mapilisi, ndipite, za phewa tidzaona pobwera. Ulendo umenewu ndaudikira zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anzanga amene ndinalowa nawo ntchito ena apita kawiri. Madzulo ndikuweruka ndinadutsa pa bolodi ya zidziwitso n'kuona dzina langa pa nambala seventini, dzina lanu lomwelo, lolembedwa ndi makina. Ndinaima pamenepo mpaka asajeni anandifunsa ngati ndaiwala kuwerenga.

Lachisanu ndinagogoda, kulowa, kuima pa mzere wa simenti uja. Nyenyezi zinali zitabwerera m'mapewa mwawo. Sanandipepukitsire ayi.

"Ululu uli pati, Kopolo?"

Ndinamva thuu akukwera kukhosi. Ndinamumeza. Ndinayang'ana timizere tija pakhoma.

"Seveni, bwana," ndinatero. "Ndikakweza umafika eyiti."

Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana. Iwo analemba, osandiyamikira, osandinyoza, n'kunena kuti, "Zikomo. Tsopano tayamba."

Dzina langa analichotsa pa bolodi tsiku lomwelo masana. Ku ulendo wa mu Ogasiti sindipita, Bambo. Ndi zimenezo zimene ndakhala ndikuzungulira kuyambira pa tsamba loyamba.

Musaganize kuti mtima wakhala pansi. Sindikudziwa ngati ndachita chamuna kapena chamantha. Wayilesi anandipeza pa bolodi pomwepo n'kunena kuti ndine chitsiru, ndataya mwayi umene sudzabweranso. Dzulo wabwera kunyumba kudzandiuza kuti ndachita bwino, msuweni wake uja akanachita chimodzimodzi bwenzi ali pantchito. Lachiwiri akandijambulanso. Akapeza kuti chubu chija chakulitsa pong'ambika, a Meja atenga mpeni umene ndinkaupempha mu Epulo, umene pano ndikuuopa. Akapeza kuti sichinawononge kwambiri, ndibwerera ku kamphira kamene ndinkakanyoza, kamene pano ndikukapempherera. Ndinkafuna mpeni kuti ndifulumire, anandipatsa mphira kuti ndisafune mpeni, ine n'kuisandutsa njira yopitira ku mpeni womwewo. Ndikaziganiza kwambiri mutu umandipweteka kuposa phewa.

Pakadali pano andiletsa kukoka chilichonse mpaka andijambule. Ndikungotakasa penti uja ndi kuyendetsa zala pakhoma. Wowerenga ndi mpongozi wanu. Amakhala pa bedi manja atapinda, ndipo akafika pa teni amati, "Basi, Kopolo, tsitsani," ndi mawu oti ngakhale inu mukanawamvera. Chubu chija sanachiotche. Wamangira paipi yodontha ya kuseri, ndipo akuti kumeneko ndiye chapeza ntchito yake. Mdzukulu wanu amaima pambali panga kuyendetsa tizala take pakhoma, ndipo amandipitirira. Za ndege sanazitchulenso chigwereni, ndipo zimenezo zikundiwawa kuposa dzina lochotsedwa pa bolodi.

Ndili ndi zopempha zitatu. Choyamba, anzanu a kwa ometa tsitsi muwauze zimene mungakonde. Mukafuna kunena kuti ulendo wasinthidwa, ine sindidzakutsutsani. Mukafuna kunena kuti mwana wanu anauza Kaputeni kuti zikupweteka, ndiyesetsa kusachita manyazi.

Chachiwiri, msomali uja musauzule. Felemuyo muisunge m'kabati isachite fumbi. Ndidzakutumizirani chithunzi china choti muikemo, chopanda chipewa cha kunja, ine nditakweza mdzukulu wanu pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri. Sindikudziwa kuti chidzajambulidwa liti, kaya mwezi wa Seputembala kaya chaka chamawa mpeni utadutsapo, koma ndi chimene ndikugwirira ntchito tsopano, kakhumi kokha, katatu pa tsiku.

Mundiperekere moni kwa Amayi. Muwauze kuti ndawaona tsopano, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha Malamlungu onse aja amene anaima kumbuyo kwanu osauza munthu aliyense, ngakhale ife ana awo. Moni kwa achemwali ndi alamu, muwauze kuti sutikesi imene anandibwereka ndibweza isanayende. Mpongozi wanu akupereka moni wambiri, ndipo akuti chipinda cha alendo n'chokonzeka. Mdzukulu wanu wajambula chinthu pansi pa tsambali, akuti ndi agogo aamuna. Manja onse awiri wawajambula ali m'mwamba, sindinamuuze ndine.

Chopempha chachitatu ndi ichi. Ndinawafunsa a Kaputeni ngati phewa limene lakhala zaka makumi atatu lingathandizike. Anati sangadziwe asanalione, ndipo salonjeza, koma opuma ntchito amawaona Lachinayi, ndipo ena amene ankavekedwa jekete pano akuvala okha. Anangoti munthuyo abwere ndi nambala yake.

Ndiye mukamayankha kalata ino, Bambo, musavutike ndi kulemba zambiri. Mukhoza kundikalipira pa foni, ndiima njo n'kumvetsera mpaka mumalize. Papepala mungolemba nambala imodzi, kuyambira ziro mpaka teni. Ine sindine ofisala, ndine mwana wanu, ndipo palibe wina amene adzaione. Koma thuu musalembe, ameneyo ndikumudziwa.

Ndine mwana wanu woyamba,
amene akali msilikali,
Kopolo.